Magalasi Oona Pansi pa Nyanja

Musandiseke, ngakhale mutaseka sindikumvani, makutu anatha kale. Ine, munthu wa imvi amene ndinathyola tiyi mpaka msana kupindika, ndinakhulupirira kuti magalasi angaone pansi pa nthaka.

Chaka chimene napolo anatsika m'phiri, madzi ndi miyala zinakokolola nyumba ya mwana wathu wamkazi, iye ali momwemo. Anthu anakumba ndi makasu mpaka manja kutuluka matuza, mtembo osapezeka. Abale anati tiike thunthu la nthochi m'manda, monga timachitira munthu akasowa, kuti maliro athe. Mayi a kunyumba anakana. Ankati iwo sanabereke nthochi.

Mkamwini wathu anali ku Joni. Anafika matope atauma kale, m'chikwama mwake muli kabokosi ka magalasi kokhala ndi lamba. Umakamanga kumaso, dziko lino n'kuzimiririka. Anati anagulira mkazi wake kuti azionera makanema. Tsiku lina anandiveka pakhonde, kuti mwina maganizo angandipepukireko. Abale inu, ndinangopezeka ndili pansi pa nyanja, nsomba zikundidutsa m'khwapa, ine osanyowa. Ndinagwira mpando zolimba, poti kusambira ndinakusiya ku Mozambiki ndili mnyamata.

Apa m'pamene Sitandade 3 yanga inandipusitsa. Ndinati ngati kanthuka kakuboola madzi, nanga matope n'chiyani? Ndinauza mayi kuti adikire, mwana timupeza. Mkamwini anayesa kundifotokozera kuti zimenezo n'zojambula kale, koma poti mkamwini satsutsa apongozi, anangondileka.

Tinapita ndi mkamwini pamalo paja, pamene panali nyumba koma tsopano ndi miyala ikuluikulu yokhayokha. Ndinavala, n'kuwerama. Mchenga woyera ndi nkhanu. Ndinasuntha, ndinagwada mpaka kabokosiko kugunda mwala. Nkhanu yomweyo.

Titabwerera, mayi anandifunsa ndi maso okha. Ndinati netiweki inavuta, tiyesanso. Mkamwini anabwerera ku Joni n'kundisiyira kanthuko. M'mawa ndinkapita nako ku Nkando kukatchajitsa, masana n'kukhala kuseri kwa nyumba nditakamanga kumaso. Mayi ankayesa ndikufunafuna mwana, mpaka nkhuku ankazipirikitsa kuti zisandisokoneze. Ine ndinali kwa nsomba zanga, kumene kulibe phiri, kulibe wolira. Ndikavula, lamba ankandisiyira mzere pamphumi, maso akuwawa, mutu ukuzungulira, koma mawa lake ndinkavalanso. Abale anatopa, anasiya kudzafunsa za manda. Mayi anaonda, chitenje n'kumawazungulira kawiri.

Tsiku lina ndinapita ku Thuchila, kumaliro a mnzanga amene tinkathyola naye tiyi, kanthuko n'kukasiya pamphasa. Kumeneko bokosi linali lolemera, anyamata olinyamula ankachita kusinthana. Ndinalira kuposa mkazi wamasiye, anthu n'kumadabwa kuti chikondi chotere chinayamba liti, poti malemuwo tinkangokhalira kutukwanana.

Nditafika kunyumba ndinapeza lamba uja wafupikitsidwa, wa mutu waung'ono. Titagona, mayi anayankhula atayang'ana kukhoma.

"Bambo, magalasi anu aja ndavala. Nsomba zanu ndaziona, n'zokongola ndithu. Mawa mukauze achimwene anga asonkhanitse adzukulu akakumbe manda. Nthochiyo ndikasankha ndekha."