Zikhadabo Zanga M'chaka cha Nthayo

Tinabwera ku Mwanza chifukwa amuna anga anawasamutsira ku ofesi ina ya pa boma, ndipo ine ndinapeza malo ophunzitsa pa sukulu ya pulayimale. Kwathu ndi ku Dedza. Tinalibe m'bale aliyense kuno. Tinkachita lendi kuseri kwa msika, moyandikana ndi banja lina la Chisilamu lomwe linali ndi shopu ya nsalu. Mayi wa pakhomopo anali wamkulu kwa ine pang'ono, ndiye ndinkawatchula kuti achemwali.

M'chaka chachiwiri ndinali woyembekezera. Mwana anabadwa ali chete. Amayi a kumpingo ndi a m'dera anakamuika ine ndikadali m'chipatala, ndipo anandiuza kuti nthayo salira. Sindinalire. Sindinachite kudziletsa ayi, misoziyo ndi imene kunalibe.

Tchuthi cha uchembere anali atandipatsa kale, ndipo kusukulu anati ndingochimaliza. Amuna anga ankapita kuntchito m'mawa, ine n'kutsala ndekha. Ndinkasesa, kutsuka mbale, kenako n'kukhala pakhonde. Mathiraki opita ku Mozambiki ankadutsa pamsewu waukulu, mawindo n'kumanjenjemera. Ndinkadya ndikauzidwa kuti ndidye. Mchere ukachepa kapena ukachuluka sindinkadziwa.

Tsiku lina masana achemwali aja anabwera n'kukhala pambali panga. Sanandifunse kuti ndikupeza bwanji. Anatulutsa kanthu m'chikwama, kangati siponji youma, kotalika ngati chala, kokhala ndi mbali zinayi. Mbali ina inali yokhakhala, ina yosalala kwambiri.

“Bweretsani dzanja, asisi,” anatero.

Ndinawapatsa. Anayamba kukhula chikhadabo cha chala chachikulu, pang'onopang'ono, akutembenuza kanthu kaja mbali ndi mbali. Chikhadabocho chinatentha pang'ono, kenako chinayamba kunyezimira ngati chanyowa.

“Ife polishi sitipaka kawirikawiri,” anandiuza. “Tikamasamba pokonzekera swala, mapemphero athu aja, madzi amayenera kukhudza chikhadabo chenichenicho. Polishi amatchinga. Ndiye timangokhula chonchi, zimawala zokha.”

Anamaliza zala zonse. Pochoka anandisiyira kanthu kaja.

“Koma kamodzi pa mwezi. Makamaka mbali yokhakhalayo, musaikonde. Imadya chikhadabo.”

Ndinati ndamva.

Mawa lake nditamaliza kusesa ndinatenganso kanthu kaja n'kuyamba kukhula. Mkucha wake chimodzimodzi. Sindinkafuna kukongola. Panalibe woti ndimukongolere, ndipo pagalasi ndinali nditasiya kudziyang'ana. Kungoti inali ntchito yokhala ndi poyambira ndi pothera. Ndinkayamba ndi kachala kakang'ono ka kumanzere, n'kumalizira ka kumanja, ndipo pomaliza dzuwa limakhala litasuntha pakhonde. Kumzikiti akaitana swala ya masana, ndinkadziwa kuti theka la tsiku lapita.

Amuna anga anaziona tikudya.

“Zala zanu zikuwala bwanji, mayi,” anatero. Anamwetulira, poganiza kuti ndayamba kudzisamala, ndiye kuti ndikuchira.

“Eya,” ndinayankha.

Iwonso ankayankhula zochepa masiku amenewo. Katundu wa mwana anamulongedza m'katoni n'kumukweza pamwamba pa wadirobu, ndipo tonse tinkadutsa pansi pake osayang'ana m'mwamba.

Zikhadabo zinayamba kupyapyala. Ndinkaona ndithu. Zinafiira, chifukwa mnofu wa pansi unkaonekera. Ndikasindikiza nsonga, chikhadabo chinkapindika ngati pepala. Pochapa, madzi ozizira ankandilasa m'zala. Ndinkaziyang'ana ngati ndi zala za munthu wina, n'kutenganso kanthu kaja. Zikapyapyala zimawala kwambiri, zimenezo ndinazindikira.

Inali nyengo ya manachesi, pamene msewu wonse wa pa boma umadzaza ndi madengu. Amuna anga anabweretsa jumbo lathunthu. M'mawa wina ndinatenga limodzi, n'kulowetsa chala chachikulu m'khungu lake kuti ndisende. Chikhadabo chinang'ambika kuchokera kunsonga mpaka pakati, madzi a nachesi n'kulowa pabalapo. Zinawawa kwambiri. Ndinakhala pomwepo ndikuyang'ana magazi akutsikira m'chikhatho. Ndikukumbuka kuti ndinaganiza kuti, kani zikuwawa. Sindinadzuke kukatsuka.

Achemwali anandipeza choncho. Anabwera kudzabwereka sefa. Anagwira dzanja langa, n'kuyang'ana zala zonse chimodzichimodzi.

“Mwakhala mukukhula kangati?”

“Tsiku lililonse.”

“Tsiku lililonse,” anabwereza motsitsa mawu. Sanandikalipire. Anakatenga madzi ofunda ndi mchere n'kutsuka balalo, n'kumanga ndi kansalu koyera ka m'shopu mwawo. Zikhadabo zinazo anaziwenga mpaka kufupika, n'kuzipaka mafuta odzola.

“Kali kuti kanthu kaja?”

Ndinawalozera pazenera. Anakaika m'chikwama mwawo.

“Ndinalakwa ndine kukusiyirani,” anatero. “Chikhadabo chimene chadyeka sichibwerera. Mudikire chatsopano chimere kuchokera pansi. Zitenga miyezi.”

“Nanga masana ndizichita chiyani?” ndinafunsa. Linali funso lenileni. Sindinkadziwa.

Achemwali anayankha kuti, “Muzibwera kushopu. Mukhoza kumapinda zitenje, sizifuna zikhadabo.”

Ndinayamba kupita. Ndinkakhala kuseri kwa kauntala ndikupinda nsalu zimene makasitomala afunyulula osagula. Amayi a ku Thambani ankabwera kudzasankha zitenje za ukwati, ena a kutsidya kwa malire akutsutsa mtengo m'Chinyungwe. Ena ankalowa ndi ana kumbuyo. Ndinkawayang'ana anawo ngati mmene ndinkayang'anira mathiraki. Achemwali sanandiuzepo kuti ndilimbe mtima, ndipo sanandiuzepo kuti Mulungu apereka wina. Nthawi ya swala ikakwana ankandisiyira shopu.

Tchuthi chitatha ndinabwerera kusukulu. Choko chinkandiwawa kugwira, ndiye ndinkachigwira ndi zala zapakati, zolemba zanga pabolodi n'kumapendekeka. Ana sanafunse. Pachikhadabo chilichonse panali mzere wolekanitsa chakale chopyapyala ndi chatsopano cholimba, ndipo mzerewo unkakwera pang'onopang'ono mpaka ndinauwenga. Mvula inali itayamba kale pamene chala chachikulu chinachira.

Chaka chatha mphunzitsi wina wachitsikana, wongobwera kumene kuchokera ku koleji, anatulutsa kanthu kofanana ndi kaja mu stafu rumu. Anati mnzake wamuuza kuti kamawononga zikhadabo.

“Madamu, inu mukuona bwanji? N'zoona?”

Ndinamuuza kuti kamodzi pa mwezi palibe vuto, zimawala bwino ndithu, koma akapitirira pamenepo zidzapyapyala n'kumang'ambika, ndipo kuchira kwake n'kochedwa.

“Zinakuchitikiranipo?”

“Eya, kale.”

Anadikira kuti ndipitirize, koma belu linalira. Ndinatenga mabuku anga n'kupita ku sitandade 4, kumene tinali pa phunziro la kugawa.