Abulu Amanyamula Awiriawiri

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene nsapato yanga inayasamula pa Chichiri n'kumeza mwala. Ndikulumbira, mwalawo ndikadali nawo.

Nthawi imeneyo ine ndi Ganizani, mnzanga wa ku Nkolokosa, tinali abulu. Musaseke. Bulu ndi munthu woyenda ndi bandi koma osaimba: kusenza masipika, kukulunga mawaya, kugona pamwamba pa katundu m'lole. Dzinali linayambira pa ife. Tikutsitsa chisipika ku Limbe, cholemera moti mseu unapindika, mayi wina wogulitsa nthochi anafunsa mwini bandi kuti, "Abulu anuwa mumawadyetsa chani?" Ganizani anati, "Nyimbo, mayi." Dzina linakhala pompo. Koma lili ndi malamulo ake. Woimba akakutchula bulu, gitala yake imafika mawa. Ndipo bulu sanyamula yekha, aliyense ali ndi mnzake wogwira mbali inayo.

Nditamuuza Ganizani za ulendo anangoti, "Pita, aise. Mbali yako ndikusungira."

Ku Joni ndinasenza zitsulo za masiteji ndi anthu osadziwa n'dzina langa lomwe. Kuzizira kwake, mawu ankaundana pakamwa, mnzako n'kudzawamva Okutobala. Ndalama zinkabwera ndithu, koma lendi inkazichingamira pakhomo. Ganizani ankatumiza mawu pafoni: "Bulu iwe, msana ukuvuta, koma tilipo." Ine ndinkayankha kuti Disembala ndikubwera. Anadutsa ma Disembala angapo.

Kenako amene anaimba foni anali mkazi wake. "Alamu, anzanu aja atisiya."

Basi inatifera ku Tete. Ndinafika ku Nkolokosa ataika kale dzulo lake. Alamu anandikhazika pakhonde n'kundionetsa kanema pafoni. Bokosi ananyamula abulu okhaokha, monga timachitira, koma anali asanu. Chogwirira chakutsogolo kumanzere chinalibe munthu. Bokosi linkayenda mopendekeka, abusa akukodola anyamata kuti wina agwirepo.

"Abulu anzanuwo anakana," anatero alamu. "Malemu ananeneratu ali m'chipatala. Akuti pamenepo pali mwini wake, akubwera."

Lero ku Limbe ngakhale oitanira minibasi akutchulana abulu, osadziwa kumene dzinalo linachokera. Ndimangowayang'ana. Za mwala, za mseu, za mawu oundana, ndikulumbirabe mpaka pano. Za chogwirira chija zokha sindilumbira. Ndikanakonda likanakhala bodza.