Mazira a atate

Atate atabwera kudzakhala nafe ku Kabwata, miyendo yawo inali itayamba kale kuwonda. Munthu amene ananyamula matumba a simenti ku Heavy Industrial Area zaka zonse zija, tsopano podzuka pampando ankachita kugwirira tebulo. Kukiliniki, nesi anawatsina pantchafu, khungu linangobwera lokha.

"Minofu yasila, ba tate," anatero nesiyo, kutanthauza kuti yatha. "Muzidya mazila, kapenta, nyemba. Mukapitiliza so, muzaleka kuyenda."

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ine ndine wa phuma, chinthu ndikachimva sindichedwa. M'mawa uliwonse ndisanathamangire minibasi ya kutauni, ndinkawiritsa mazira awiri, kusenda, n'kuwasiyira pafupi ndi tiyi.

Chaka chomwecho ndinalembetsa mwana wanga wamkazi, wa giredi 3, maphunziro a abakasi ku Woodlands, Loweruka lililonse. Abakasi ndi kachimango ka mikanda yoyenda pa timitengo, kowerengera masamu, ndipo amati kamanola ubongo wa mwana. Patapita miyezi sankakafunanso. Ankangogwedeza zala m'malere ngati akusadzula ndiwo, yankho n'kutuluka. Atate ankamupatsa masamu aatali dala, n'kumamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

Mazira ankatha, koma atate sankasintha. Lamba anamubowola mabowo ena awiri. Ndinayamba kumuda nesi uja, kenako ndinayamba kuopa matenda oyipa amene sitiwatchula. Lamlungu lina tikupita kutchalitchi, mwendo wawo unakana kukwera sitepe ya minibasi. Kondakitala anawanyamula m'khwapa anthu onse akuona. Ndinakhala kumbuyo misozi ili chuchuchu, ndi mantha komanso manyazi.

Zinaululika pochapa. M'thumba la yunifolomu ya mwana ndinapeza zinyenyeswa zachikasu, zonunkha dzira. Nditamufunsa sanabise, anatchula agogo ake.

"Ba shikulu ndiye amanipasa, mami. Akuti mutu wanga usebenza maningi."

Ndinamufunsa kuti zinayamba liti. Zala zake zinayamba kuyenda m'malere, ine ndinamugwira dzanja. Nambalayo sindinafune kuimva.

Atate ndinawapeza pakhonde akuwothera dzuwa. Ndinayankhula mopanda ulemu, ndipo ndimadandaula nazo.

"Atate, mukufuna kuti tizikunyamulani? Mwanayu ali nalo dzira lake."

"Amayi," anandiyankha modekha, poti ankanditchula choncho akafuna kundiziziritsa, "kwathu wamkulu samaliza ndiwo mwana akuyang'ana. Nanga ine ndidzanyamulanso chiyani? Uyu mutu wake ukugwira ntchito, ndimauona."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkachedwa kuntchito. Ndinkakhala nawo patebulo mpaka atameza chidutswa chomaliza, mwana nditamutulutsa panja. Masana mlongo wanga wa ku Chelstone ankaimba foni kufunsa ngati tinsomba ta kapenta tadyedwa. Tinawasandutsa mkaidi wa mbale, ndipo sindikanachitira mwina, chifukwa ndinkafuna aziyenda okha. Miyendo inabwererako pang'ono, yokwana kufika pageti ndi ndodo.

Koma ankadya atayang'ana kukhoma. M'mawa wina, atapukuta pakamwa, anandifunsa chapansipansi ngati m'nyumba muno mwatsala china chilichonse chimene iwo angapatse mdzukulu wawo. Ndinatenga mbale n'kupita nayo kusinki.