Ndinawanamiza Atate Kuti Akalamba

Inu owelenga, ine ndinanamiza atate anga pamaso pa dokotala, ndipo bodza limenelo likundidyabe mpaka lelo.

Atate anali mlimi wa nshawa ku Kalindawalo. Zaka zawo zinali zitapitilila makumi asanu ndi awili, koma ankapalasa njinga mpaka ku Petauke osapumula panjila. Atayamba kukodza magazi tinkangoti ndi likodzo. Mankhwala atalephela achipatala anatitumiza ku Lusaka, ndipo ine, mwana wawo woyamba, ndinachoka ku Nyimba kumene ndinakwatiwa kuti ndiwapelekeze.

Kumeneko anawapeza ndi khansa m'njila imene mkodzo umadutsa pochoka ku impso. Atate sankamva bwino, choncho dokotala ankalankhula ndi ine, ine n'kumawabwelezela m'Chinsenga. Anati pafunika kuchotsa impso yakumanzele pamodzi ndi njilayo. Sanabise kuti kwa munthu wachikulile opaleshoni imakhala yoopsa kuposa kwa wachinyamata. Koma anati zaka zokha si chifukwa chokanila, pakuti mtima wa atate unali wolimba ndipo impso inayo inkagwila bwino ntchito.

Ine mantha anandigwila. Amai tinali titawataya kale pa opaleshoni ina, ndipo sindinafune kuonanso zotelo. Ndinawelamila kukhutu kwa atate n'kuwauza kuti adokotala akuti mwakalamba, akakugonekani simudzadzuka. Atate anati, "Ngati atelo adokotala, tiye kumudzi mwana wanga." Dokotala ndinamuuza kuti akana okha. Anatichondelela kuti tikaganize bwino, tibwelenso msanga. Sitinapitenso msanga.

Pamene tinkabwelela patatha miyezi, matenda anali atafalikila, opaleshoni siinali yothekanso. Tsiku lina kumudzi ndikuwamwetsa phala, anandigwila dzanja nati, "Usalile. Ndikanakhala mnyamata akanandichilitsa. Ndi ukalamba uwu." Ndinafuna kuulula, koma ndinangopitiliza kuwamwetsa phala. Anamwalila akuimba mlandu zaka zawo.

Sindidziwa ngati opaleshoni ikanawapulumutsa. Mwina ayi. Koma thupi linali lawo, moyo unali wawo, ndipo ine ndinawalanda mpata wosankha okha. Abale anga mpaka pano amanditamanda kuti ndinawasamala bwino, ine n'kumangoyang'ana pansi.

Inu amene mumapelekeza makolo kuchipatala, mukaona magazi mumkodzo musachedwe. Ndipo dokotala akalankhula, auzeni zonse monga mmene zanenedwela, ngakhale muli ndi mantha. Musawawelengele zaka. Afunseni chimene iwo akufuna akadali ndi mphamvu yoyankha.