Ndinkadikira Hatchi Ibereke

Ndinanyamuka mu 2003, mkazi wanga Esinati ali woyembekezera. Tinagwirizana zaka ziwiri basi: tipeze malata ndi kagolosale, mwana asanayambe kulankhula ndikhale nditabwera.

Ku Wakefield, ku England, ndinayamba ndi kusenza makatoni. Kenako ndinamva kuti kunja kwa mzinda kuli mayi wina wachizungu wokalamba, mayi Margaret, akufuna munthu wa kukhola. Ankaweta mahatchi ofiirira a mtundu wakale umene unkakoka ngolo kumeneko, ndipo mtunduwo unali utatsala pang'ono kutheratu. Anali ndi yaikazi imodzi, Bess, yaukali kwabasi moti antchito onse inawathamangitsa. Ine ndinangoiimbira kamluzu kamene tinkaimbira ng'ombe zapangolo kwathu ku Mchinji, iyo n'kuima duu.

"Iwe usachoke pano," anatero mayi Margaret.

Lero ndikamafotokoza, anthu amaseka kuti ndinamangidwa ndi chiweto. Koma bere la hatchi limatenga pafupifupi chaka. Yamphongo ankachita kuibweretsa pa lole, ndipo Bess sinkalola munthu wina kuigwira koma ine. Ikaphonya osatenga bere, ndiye kuti chaka chapita pachabe, mtundu ukunka nutha. Nthawi zonse mawu a mayi Margaret anali omwewo: "Dikira ibereke, ukatero uzipita." Ikabereka, nyengo yokweretsa yakwananso. Ndalama inali yabwino, ndisaname. Komanso mapepala anga anali atatha, kutuluka m'dzikomo kunali kutuluka kosabwereranso.

Kusungulumwa ndiye kunandidya. Amalawi anzanga kutchalitchi, manesi ndi ma digiri awo, ankanditcha abusa a mahatchi, mpaka ndinasiya kupitako. Chichewa changa chonse chinkathera kwa Bess, ndikuwola ndowe m'chisanu chija. Lamlungu ndikagula khadi ya foni, Esinati ankati, "Tadala, bwera ulankhule ndi adadi." Ndinkangomva kupuma kwa mwanayo, kenako timapazi tikuthawa.

Bess inaberekera ana anayi m'manja mwangamu. Wanga ndinali ndisanamunyamulepo.

Ndinabwerera patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mayi Margaret atafooka miyendo n'kupereka mahatchi aja kwa alimi ena. Kunyumba ndinapeza malata akuwala, golosale ikuyenda, mpanda utamangidwa, zonse Esinati atalongosola yekha. Ndinazungulira pakhomo ponse kufuna kanthu koti ndikonze, osakapeza.

Tadala anatuluka atavala diresi imene ndinatumiza. Anagwada chapatali bwinobwino monga anamuphunzitsira.

"Mwayenda bwanji?"

Ulemu umenewo unandipweteka kuposa mwano. Ndinatambasula manja, iye n'kungondipatsa moni wa dzanja limodzi, linalo atagwira pachigongono. Atatero anapita kwa mayi ake pakhonde n'kufunsa motsitsa mawu, koma ine ndinamva.

"Amama, alendowa agona konkuno?"