Dona wa Pachilata cha Bambo

Chinali chilata chofiira, chachikulu ngati chitseko cha kabati. Pakati pake panali dona wa ku Amereka wa tsitsi lachikasu, atagwira botolo la zakumwa, mano onse ali pamtunda. Bambo anachipeza kwa mzungu wina amene ankamuyendetsera galimoto ku Limbe, ndipo anachikhoma pabalaza. Pansi pake panali shelefu ya tinthu tina totsatsira malonda: kambale kotayiramo phulusa la fodya kooneka ngati tayala, chotsegulira mabotolo, ndi cholembera chimene ukachizondotsa, mtsikana wa m'katimo zovala zinkamutsika. Cholembera chimenecho chinandiphunzitsa zambiri kuposa sukulu, imene ndinaisiyira panjira.

Mayi ankadana nacho chilatacho. Ankati ndi mkazi mnzawo, amene satunga madzi koma alendo akabwera ndiye amakhala poyera.

Bambo anamwalira mango atayamba kupsa. Ndimakumbuka ntchentche, fungo la mango owola kuseri kwa bafa, ndi abambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, atakhala pampando wa bambo fumbi la paulendo likadali kumapazi. Anati akhala nafe mpaka tsiku lometa kuti atitonthoze. Ankalira ndithu, koma maso ali pa mipando.

Katundu anayamba kuyenda. Njinga inapita kukasungidwa. Wailesi inapita kukakonzedwa, chonsecho inkalankhula bwinobwino. Kwathu zinkatero: mwamuna akafa abale ake ankatenga zake, mkazi n'kutsala ndi ana ndi miphika. Anaitanidwa aphunzitsi ena a m'dera lathu kuti adzaweruze za katunduyo, poti anali munthu wa sukulu. Aphunzitsi anamwa tiyi, anazondotsa cholembera chija, anachizondotsanso, n'kunena kuti chinthu choterechi chimaononga ana. Anachiika m'thumba la malaya awo kuti atiteteze.

Lero ndimakhala ku Evington, kudziko la azungu, kwa mwana wanga amene ndi nesi, ndipo mzungu woyandikana nafe galaja yake yadzaza zilata zoterezi. Amazipukuta atavala magolovesi, galimoto ikugona panja pamvula. Amanditenga kumsika wa zakale kumene anthu amagulitsira m'mabuti a galimoto, ndipo ndikamuona akusisita chilata cha mwini uku akunamizira kuti sakuchifuna, ndimaona abambo aang'ono. Munthu wosirira nkhope yake ndi imodzi dziko lililonse. Sindimuuza, poti ndiye amandigulira tiyi.

Tibwerere ku Limbe. Pabalaza panatsala chilata chokha. Abambo aang'ono ankafuna kutsegula golosale kumudzi, ndiye anati donayo azikaitana makasitomala. Mayi, amene sanatsegule pakamwa pa njinga kapena pa wailesi, apa anaima pakhomo.

"Alamu, zimene mbale wanu ankakwera ndi zimene ankavala mwatenga. Ichi ankangochiyang'ana. Chisiyeni."

"Si inu mumati ndi mkazi mnzanu? Ndikukuchotserani mitala, mlamu, mundithokoze."

Anaseka okha. Kenako anati tikangometa achizula, wofuna kulira alire.

M'mawa wa tsiku lometa mayi anazula okha misomali ya chilata chija ndi mpeni. Anatulutsa chilatacho abale onse a bambo akuona, anachiika pamafuwa dona akuyang'ana kumwamba, anasonkha moto, n'kuthirapo mtedza. Utoto unatupa matuza, unathetheka, utsi wake wonunkha ngati tayala lopsa. Tsitsi lachikasu linada. Mano analimbako pang'ono, kenako nawo anapita. Mayi ankangotakasa ndi chitsononkho, osathamanga.

Abambo aang'ono atatuluka m'bafa, thaulo la bambo lili pakhosi, mayi anawaloza pamotopo.

"Mtedza, alamu. Ukadali wotentha."

Abambo aang'ono anawatukwana mayi kuti ndi mfiti, ndipo ndiwo anadya mbale wawo. Analavula pansi, ananyamula chikwama, n'kupita kukakwera basi lumo lisanawakhudze kumutu. Sanapondenso pakhomo pathu, ndipo sitinawasowe.

Ine ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro, mutu uli mbee. Ndinawakwiyira mayi mpaka mango anatha. Iwo anatsuka chilata chakudacho ndi mchenga, anachiwongola ndi mwala, n'kuchikhomanso pakhoma pomwe paja. Ndinkaona ngati chisoni chawazunguza mutu. Sindinkadziwa kuti m'nyumba ya mkazi wamasiye, chinthu cha mwamuna wake chimatsala pokhapokha ngati palibenso amene angachisirire.