Ulusi wa Juzi Yakale

Atanditumiza kukagwira ntchito ya unamwino kufupi ndi Manyamula, zaka zija Edzi inkatha anthu, ndinagula juzi yofiira pa kaunjika ku Mzimba boma. Inandikulira, ndiye ndinaganiza zoimasula kuti ndilukenso yondikwana.

Sindinalukepo kanthu. Ndikaweruka masana, mtima uli wolemera, ndinkakhala pakhonde n'kumakoka ulusi pang'onopang'ono, ndikuukulunga pachitsononkho. Kuchipatala zinthu zambiri zinkandikanika, koma pano ndikangokoka, ulusi unkabwera mosavuta. Juzi ikatha ndinkagula ina. Anzanga ankandiseka kuti ndikuwononga zovala kudera kozizira chonchi. Ine ndinkangopitiriza kukoka ulusi wanga.

Panali mayi ena achitumbuka, a nyumba yoyandikana ndi yanga, amene ankadutsa ndi ndowa pamutu n'kundipatsa moni: "Mwatandala uli, anesi?" Mwana wawo wamkazi anamwalirira m'manja mwanga Lachiwiri lina. Maliro atatha ndinayamba kuwazemba. Ndinalibe mawu oti ndiwauze, m'Chichewa ngakhale m'Chitumbuka changa chothyokathyoka chija.

Patapita masabata awiri anabwera okha. Anatula ndowa, nakhala pansi pafupi nane, n'kundilanda chitsononkho chija. Ine ndinkakoka ulusi, iwo akukulunga. Tinamaliza mkono wonse wa juzi osalankhulana.

Ponyamuka anandithokoza, nalonjeza kubweranso mawa: "Yewo chomene. Nizengeso namachero."

Mawa lake anabweradi, atanyamula juzi ya mwana wawo uja.